Kamera Yolemera ndi Funso la Malume

Ndisanayambe, taonani chala ichi. Ndachinyambita, ndachidutsitsa pakhosi, ndaloza nacho kumwamba. Pali manda a amayi anga, zimene ndifotokoze pano ndi zoona zokhazokha, liwu ndi liwu. Ngati muli bodza, ngakhale laling'ono ngati nsabwe, mphezi indipeze dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ine sukulu ndinatsikira panjira, za m'mabuku sindidziwa zambiri, koma kunama ayi. Tsono inu amene mwayala zikwama pansi, mukulongedza za ulendo wanu wa mawa, taimani kaye mumve.

Panali munthu wina wojambula zithunzi. Ankakhala pa kamsika kena kufupi ndi Dedza. Kamera anali nayo imodzi, koma inali kamera. Osati izi za masiku ano zomata pa foni ngati nkhupakupa pa khutu la galu. Iyo inali yakuda, yonenepa, mphuno yake yaitali ngati munsi. Inali ndi chikwama chakechake, ndipo m'chikwamamo munkakhalanso mphuno ina yosinthira, mabatire, nyale yong'anima, ndi chitsulo cha miyendo itatu choikapo kamerayo ikatopa. Tsiku lina anaipachika pa sikelo ya ogula chimanga. Kasingano ka sikelo kanazungulira kawiri, kenako kanapempha madzi akumwa.

Ntchito yake ankaidziwa. Paukwati, pachinkhoswe, paubatizo, pa mpira wa sukulu, munthuyo analipo. Ankaimika anthu pamzere, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, chibwano m'mwamba, osaphethira. Koma kamerayo inkamugwirira ntchito inanso imene anthu sankaiona. Pa perekaniperekani akaitana dzina lake kuti avine, ankangokweza kamera, anthu n'kunena kuti, "Asiyeni, ali pantchito." Ng'ombe ikadula chingwe pamsika, amuna onse n'kuithamangira, iye ankaima patali n'kumajambula. Mtsinje ukadzaza, anzake akuwoloka madzi ali m'chifuwa, iye ankatsala tsidya lino, poti kamera sifuna madzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi lamba wa kamera ali m'khosi, palibe amene anamutchulapo kuti wamantha. Munthu wa kamera sakhala wamantha. Amakhala wotanganidwa.

Munthuyo ndi mkazi wake anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Tinyade, amene ankagwira ntchito ku Joni. Chaka china Tinyade anaimba foni kuti makolo ake apite akacheze naye pa tchuthi. Anati akawatengera kumalo ena amasewero, aakulu kuposa mudzi wonse, kumene anthu a ndevu zawo amaima pamzere kudikira kuti awaopseze. Kumeneko, anatero, kuli kasitima kopanda denga. Kamakwera njanji yoima pa mizati mpaka kumene amaulukira akabawi, kenako kamatsika chamutu n'kumapindikapindika ngati matumbo a mbuzi.

Nkhani ya kasitimako inayenda khomo ndi khomo mpaka inafika kwa malume ake a wojambulayo.

Malumewo anali dalaivala wa basi wopuma pantchito. Zaka makumi atatu ndi chimodzi anatsitsa basi pa Khwekhwerere, msewu uja wotsika phiri kupita ku Golomoti, ndipo sanakandeko ngakhale mbuzi. Chinsinsi chawo chinali chimodzi: potsika, giya nambala thuu, phazi pafupi ndi buleki, makutu otsekera apaulendo ong'ung'udza kuti achedwa. Anthu anachita kuwapatsa dzina loti a Nambala Thuu. Tsopano anali atakalamba, ng'ala itawalowa m'maso. Koma ukawafunsa ankati, "Ndikuona bwinobwino, kungoti dzuwa la masiku ano ndi lofooka." Mwana wa mlongo wawoyo akawabweretsera zithunzi, monga ankachitira nthawi zonse, ankazigwira m'manja, n'kuziyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Wajambula, mphwanga. Dzanja lako silinjenjemera."

Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, wojambulayo ndi mkazi wake anapita kukatsanzika. Anawapeza malume atakhala pakhonde, ndipo anawapatsa chithunzi cha Tinyade. Malume anachigwira, anachiyamikira, kenako anati, "Mphwanga, ndikutume."

"Nditumeni, malume. Jekete? Nsapato?"

"Nsapato ndipita nazo kuti? Ndikufuna ukandionere kasitima kaja. Dalaivala wake amakhala pati? Potsika amaika giya yanji?" Anatsitsa mawu. "Ndikuuze chinthu chimene sindinawauzepo ngakhale malemu akazi anga. Tsiku lililonse ndikafika pamwamba pa Khwekhwerere, dzanja ili linkayabwa. Linkati, chotsa giya, usiye buleki, uone mmene zimakhalira basi ikamatsika yokha. Sindinayesepo. Kumbuyo kwanga kunali anthu a eni ake. Koma funsolo silinachoke. Munthu akamatsika mtsetse popanda chomugwira, mtima wake umakhala pati? Umakwera kukhosi? Umatsikira kumiyendo? Ukandionere zimenezo, udzandiuze ndisanapite kumene kulibe mitsetse."

"Musadandaule, malume. Ndikajambula zonse. Kutsogolo, kumbuyo, ngakhale kunsi."

Malume anagwedeza mutu. Maso a mkazi uja anali pa chithunzi chimene chinali m'manja mwa mkuluyo. Pachithunzipo Tinyade anali miyendo m'mwamba, mutu pansi.

Kunyumba kunayamba mlandu wa kamera. Pa basi munthu aliyense ankaloledwa katundu wochepa, ndipo mkaziyo anali atakonza kale za mwana wake: mpunga, nsinjiro, usipa wouma, ndi mbatatesi zimene Tinyade ankazilira pa foni. Chikwama cha kamera chikalowa, mpunga unkatuluka. Mpunga ukalowa, kamera inkatuluka. Tsiku loyamba inalowa ndi kutuluka kasanu ndi kawiri, mpaka nkhuku zinasiya kujompha n'kukhala pamzere kumaonerera.

Wojambulayo ankadzifunsa moona mtima, pakuti sanali munthu wopusa. Ndikaisiya, ndani adzakhulupirire kuti ndinafika ku Joni? Foni ya Tinyade ijambula, inde, koma pa zithunzi za foni anthu amaoneka ngati akufunidwa ndi apolisi. Ndikaitenga, khosi lipweteka, akuba andiona, ndipo mvula ikagwa ndithawira nayo kuti? Komanso munthu amene wajambula chisangalalo cha anthu ena zaka zonsezi, angapite ulendo wake woyamba wakunja manja ali lende? Ankaika maganizo awa mbali iyi, awo mbali iyo, sikelo osapendekeka.

Tsiku lachiwiri anati ayesere. Anasiya kamera pabedi n'kupita kumsika khosi lili lokha. Anthu atatu anamudutsa osamupatsa moni, poti sanamuzindikire. Manja ake sankadziwa kokhala. Ankalowa m'thumba, ankatuluka, ankakanda pamutu. Ndiye pafupi ndi chigayo galimoto ina inatitimira m'matope, dalaivala wake n'kukuwa kuti, "Achimwene inu mwangoimanu, tabwerani mukankhe!" Munthuyo anakweza manja pachifuwa monga mwa chizolowezi, koma panalibe chokweza. Anakankha. Anabwerera kunyumba matope mpaka m'makutu, ndipo kamera inalowanso m'chikwama.

Tsiku lachitatu mkazi wake anati, "Bambo a Tinyade, kodi kamerayi mukunyamulira ndani?"

"Malume, nanga ndani? Simunamve akundituma?"

"Ndinamva. Ndinaonanso. Chithunzi chija anachigwira chozondoka. Mwana wanga anaima ndi mutu nthawi yonse imene tinakhala pakhonde paja, iwo akuti waoneka bwino."

"Ndi dzuwa. Linali kumaso."

"Dzuwa linali kuseri kwa nyumba."

"Mayi a Tinyade, munthu amene ankaona mbuzi pa Khwekhwerere kuli chifunga, lero alephere kuona chithunzi chili m'manja mwake? Malume amaona."

Mkaziyo anatulutsa theka la mpunga m'chikwama, n'kuikamo kamera ndi manja ake. Anangoti, "Katundu wa mwini salemera. Koma musadzandipemphe kuti ndikusenzereni."

Masiku awiri m'basi kamera inakhala pamiyendo pake ngati mwana wodwala. Anthu akamatsika kukawongola miyendo, iye ankatsika nayo. Kuchimbudzi ankalowa nayo. Pofika ku Joni miyendo yake inali itaiwala kuti ndi ya ndani.

Tsiku lopita kumalo amasewero linali lomaliza pa tchuthicho. Mawa lake anali oti akwere basi yobwerera. Munthuyo anavala chipewa chake cha ku tchalitchi, kamera pakhosi, chikwama kumsana, chitsulo cha miyendo itatu m'khwapa. Pachipata anadutsa cham'mbali ngati nkhanu.

Zimene anaona kumeneko! Chigudumu chachitali kuposa nsanja ya mafoni, anthu atalendewera m'madengu. Makapu akuluakulu akuzungulira pa mbale, m'kati muli anthu m'malo mwa tiyi. Timagalimoto togundana dala, madalaivala ake akuseka, wapolisi palibe. Bwato lopanda madzi likupita uku ndi uku m'malere ngati katungwe. Ndipo pakati pa zonsezo panali njanji ija, itakwera, itapindika, itadzimanga mfundo, kasitima kakudutsa ndi kukuwa kwa anthu ngati maliro othamanga.

Anaimika miyendo itatu ija n'kuyamba ntchito. Alendo ena ataona kukula kwa kamerayo anaganiza kuti ndi wojambula wa pamalopo, n'kuyamba kuima patsogolo pake. Iye sanawabweze. Anawaika pamzere, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ndipo ngakhale sankamvana chilankhulo, zibwano zinapita m'mwamba. Mkazi wake ndi Tinyade anakwera makapu. Anakwera timagalimoto. Nthawi iliyonse Tinyade ankaitana kuti, "Ababa, tiyeni!" Ndipo nthawi iliyonse iye ankakweza kamera n'kunena kuti, "Ndili pantchito." Mawuwo anagwira ntchito ngakhale ku Joni.

Koma za malume sanaiwale. Anaika mphuno yaitali ija, imene imakoka chinthu chakutali n'kuchibweretsa pafupi, n'kuyamba kusaka dalaivala wa kasitima. Pampando wakutsogolo panali atsikana awiri, manja m'mwamba. Pampando wakumbuyo panali bambo wa dazi atatsinzina. Anati mwina wabisala kunsi, ndipo anagona chagada pa simenti n'kujambula kunsi. Kunalibe. Utsi sunkatuluka. Chiwongolero sichinkaoneka. Chidwi chinayamba kumuluma nayenso ngati linthumbu lolowa m'buluku. Chinthu chopanda dalaivala chimadziwa bwanji njira? Chimaima bwanji? Zithunzi zinakwana mazana atatu, koma pa mafunso a malume analibe yankho ngakhale limodzi.

Dzuwa litapendeka, mkazi wake ndi Tinyade anakwera kasitimako. Mkaziyo anatsika duku lili pakhutu limodzi, misozi ikutsika, akuseka. Mwamuna wake anamuthamangira.

"Zili bwanji? Tandiuzani bwinobwino, kuyambira poyamba. Mtima unali pati?"

"Mukufunsiranji?"

"Ndikawauze malume."

"Iyayi. Anatuma inu, osati ine. Mtima wanga ndi wanga, kumene unapita ndikudziwa ndekha. Za kumva zipweteketsa mutu, bambo a Tinyade. Mukufuna mkulu uja akamve zimene inunso mwachita kumva?"

Tinyade anayang'ana wotchi. "Ababa, akutseka posachedwa. Watsala ulendo umodzi."

Munthuyo anasonkhanitsa katundu wake yense n'kukaima pamzere. Atafika kutsogolo, mtsikana wa yunifolomu amene ankalowetsa anthu anatambasula dzanja, n'kulankhula chilankhulo chakwawo akuloza kamera. Tinyade anamasulira: "Akuti chilichonse cholendewera sichikwera. Chikagwa kumwamba uko chikhoza kupha munthu pansi." Pambali panali timakabati tosungiramo katundu. Anayesa kamodzi, mphuno ya kamera inatsala kunja. Anayesa chopingasa, chitseko chinakana kutsekeka.

Apa ndiye pali nkhani, mvetserani. Munthuyo anamva mtima wake ukupepuka, ndipo anadabwa nako kupepukako. Chifukwa chinali chitapezeka, chabwino, chosachititsa manyazi: anandibweza chifukwa cha kamera. Akanakawauza malume zimenezo, malume akanati, "Pepa, mphwanga," kenako akanagwira zithunzi mazana atatu chimodzichimodzi n'kumaziyamikira. Ndipo pomwepo chithunzi chija chinamubwerera m'maso: Tinyade mutu pansi, chala cha malume chikusisita m'mphepete mwa pepala, kufunafuna kumene kuli kumwamba. Anali atachiona tsiku lomwe lija pakhonde. Wojambula saphonya zoterozo. Anangosankha kusachiona, chifukwa malume openya akanakhuta ndi zithunzi, koma malume osapenya ankafuna munthu wokwera.

Anavula chipewa. Anadutsitsa lamba pamutu. Pakhosi pake panaoneka mzere woyera ngati njira ya mbewa, pamene dzuwa linali lisanafikepo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Ndinati musadzandipemphe," anatero mkaziyo, koma mutu anali ataweramitsa kale.

"Osadina chilichonse," anatero mwamunayo akumuveka kamerayo.

"Pitani inu, sitima ikukusiyani."

Anakanikiza chipewa mpaka m'makutu n'kukakhala pampando wakutsogolo penipeni, poganiza kuti mwina dalaivala abwera akhale pambali pake. Panabwera mayi wina wonenepa akutafuna chingamu. Chitsulo chinatsika n'kuwapanikiza onse awiri pantchafu. Kasitima kananyamuka.

Pokwera anamva kunsi kwa mpando: kha, kha, kha, kha. Anatchera khutu monga akanachitira malume. Sinali injini. Unali unyolo, ukukoka kuchokera panjanji ngati mmene timakokera ndowa pachitsime. Kha, kha, kha. Anthu pansi anasanduka nyerere. Mkazi wake anasanduka kadontho konyamula kadontho kanzake. Kha. Kha. Kenako zii. Unyolo unasiya. Kasitima kanaima pamwamba kanthawi kongokwanira munthu kukumbukira machimo ake awiri, ndipo iye anazindikira kuti palibe chimene chawagwira.

Kanatsika.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindingazifotokoze mwadongosolo, poti mwini wake anali wotanganidwa kuitana amayi ake amene anamwalira kalekale, akuwatchula ndi chiwongo chomwe. Manja anafunafuna kamera pachifuwa, sanapeze kanthu, ndipo posowa chogwira anapita okha m'mwamba. Chipewa chinachoka pa kona yoyamba n'kulunjika kumpoto. Pobwerera anakachipeza pachipata cha Dedza chitakhala pampanda, chikumudikira, atachidinda kale chidindo cholowera m'dziko. Pamapeto anamva china chake chikugwira kasitimako chakunsi, gwi! Mutu unapita kutsogolo, ndipo anaima.

Anatsika chokwawa. Koma asanapite kwa mkazi wake anasuzumira kunsi kwa kasitima, n'kumuitana Tinyade kuti amufunsire mtsikana wa yunifolomu uja. Mtsikanayo anaseka, n'kumulozera zitsulo zopana zimene zinali panjanji, ndi kanyumba ka pansi pa chitunda mmene munali makina okoka unyolo. Munthuyo anagwedeza mutu n'kusunga zonse m'mutu, poti kwina kosungira analibe. Mkazi wake, amene anauzidwa kuti asadine chilichonse, anali atajambula zithunzi makumi anayi za masilipasi ake.

Atabwerera kwawo, m'mawa mwake anabwereka njinga ya kabaza, ija ya khushoni kumbuyo, n'kupita kwa malume. Kamera anaisiya pabedi. Malume atamva mawu ake anatambasula dzanja monga mwa nthawi zonse, kudikira zithunzi. Wojambulayo anaika dzanja lake m'dzanjamo.

Malume analigwira dzanjalo. Kenako anati, "Wadziwa liti?"

"Kale, malume. Ndimangochedwa kuvomera."

"Chabwino. Khala pansi. Dalaivala amakhala pati?"

"Kulibe dalaivala."

"Usandiseweretse, iwe."

"Pali Mulungu. Injini mulibe. Unyolo umakukokani mpaka pamwamba, kenako umakusiyani."

"Umakusiya! Nanga giya?"

"Kulibe giya."

"Buleki?"

"Ili panjanji, kumapeto. Imakudikirani pansi. Inuyo mulibe chopondapo."

Malume anamenya bondo. "Ana a ku Joni! Chimene ine ndinkachiopa zaka makumi atatu ndi chimodzi, iwo achisandutsa masewera! Nanga mtima, mphwanga? Mtima?"

Wojambulayo anayesa kufotokoza ndi manja, n'kukumbukira kuti manjawo sakuoneka. Anati, "Malume, chimenecho sichinyamulika pakamwa. Ndabwera ndi njinga. Dzukani."

Kuseri kwa mudziwo kuli chitunda, ndipo kuseri kwa chitundacho msewu wafumbi umatsikira kudambo, n'kuwoloka kamlatho, n'kukweranso tsidya linalo. Anawakhazika malume pa khushoni n'kuyamba kukankha njinga kukwera chitunda, akulira ndi pakamwa kuti kha, kha, kha, kha. Atafika pamwamba anakwera, n'kukhala chete. Zii.

"Wagwira buleki," anatero malume. "Ndikumva. Zala zako zili pa buleki."

Zinali zoona. Anazichotsa.

Amayi amene ankachapa kudambo tsiku limenelo alipo, mukhoza kukawafunsa. Anaona njinga ikutsika ngati mwala, fumbi kumbuyo. Anaona a Nambala Thuu, munthu amene sanapitirirepo ngakhale ngolo ya ng'ombe pa mtsetse, mikono ili m'mwamba, jekete ikuuluka, akuliza hutala ndi pakamwa, pii, pii! Njinga inawoloka kamlatho, chitunda cha tsidya lija chinailandira, ndipo inaima yokha pang'onopang'ono.

Malume anakhalabe pa khushoni akupuma mwawefuwefu, dzanja likufunafuna pachifuwa.

"Mwaupeza, malume? Uli pati?"

"Takhala chete." Anatembenuzira nkhope kumtunda kumene anachokera, n'kutchera khutu. "Suli kukhosi. Suli kumiyendo. Watsala pamwamba paja. Tiudikire, mphwanga. Ukubwera pambuyo, pa nambala thuu."

Tsono inu a zikwama. Sindikuti siyani makamera anu, kapena zolemera zina zimene mwaunjika apozo. Kamera ndi chinthu chabwino, ndipo ija ikujambulabe maukwati mpaka lero, kungoti mwini wake masiku ano amaitula kaye akamuitana kuti avine. Koma chinthu chisanalowe m'chikwama, chifunseni. Ndikukunyamulira ndani, ndipo kodi munthuyo anapempha iweyo? Pali katundu amene timasenza kuti tikagwiritse ntchito, ndipo pali wina amene timasenza kuti tikafika pachipata atibweze. Wachiwiriyo mumudziwa mosavuta: akakubwezani, mtima umapepuka. Mukadzamva kupepuka kumeneko, vulani lamba, mupatse amene ali pafupi, mukwere.

Longedzani, ndakuchedwetsani. Zonse ndanenazi ndi zoona monga ndinalumbirira, za sikelo ndi za nkhuku zomwe. Kupatula za chipewa chija, chimenecho ndangoikamo ine. Munthuyo chipewa sankavala n'komwe, ankati chimagunda kamera.